Mlonda wa Makalata a m'Magazi

Kale, DC wa ku Kota Kota akafuna kulamula mafumu a m'mbali mwa nyanja, buku la boma linkatsala mu ofesi. Mesenjala ndiye ankanyamuka ndi kalata. M'maselo a thupi la munthu zimachitikanso motero. Malangizo a chibadwa, otchedwa majini, amasungidwa mu DNA, koma chimene chimatumidwa kumene mapuloteni amapangidwira ndi kalata yokopera, yotchedwa messenger RNA.

Mthenga ameneyu anadziŵika mu 1961. Mmodzi wa omupeza anali Sydney Brenner, wobadwira ku Germiston pafupi ndi Joni, dera limene Amalaŵi ambiri ankakumbako golide. Mu 1981 Lynne Maquat, pofufuza odwala nthenda ya magazi ya beta-thalassaemia, anaona kuti kalata yolamula kuti ntchito iime isanathe simakhalitsa. Selo limaiwononga msanga. Kunali mlonda ndithu, koma dzina lake linachedwa kudziŵika. Jini yake, UPF1, inayamba kupezeka mu yisiti wofufumitsira buledi mu 1991, ndipo ya munthu inapezeka mu 1996. Puloteni ya UPF1 imakakamira kalata yoduka kuti iwonongedwe, poopa kuti ingatulutse puloteni yatheka imene ingavulaze thupi.

Tsoka ilo, mlondayu amayang'ana pamene kalata yathera, osati tanthauzo la mawu ake. Apa mpamene nkhaniyi ikufikira ku Nkhotakota, kumene malungo sasoŵa chaka chonse. Mu 1954 Anthony Allison anasonyeza ku East Africa kuti munthu wotengera jini ya sickle cell kwa kholo limodzi amatetezeka ku malungo oopsa. Nchifukwa chake jiniyi inakhazikika m'madera a udzudzu. Mu 1957 Vernon Ingram wa ku Cambridge anapeza pamene palakwika: kachidutswa kachisanu ndi chimodzi mwa tizidutswa 146 ta chigawo china cha puloteni yonyamula mpweya m'magazi nkosinthika. Kalatayo imakhala yathunthu, choncho UPF1 imangoilola kudutsa.

Mwana wotengera jiniyi kwa bambo ndi mayi omwe amatupa manja ndi mapazi ali wakhanda, amamva ululu m'mafupa, ndipo magazi amamuchepera kaŵirikaŵiri. Kumudzi ena amathamangira kunena za ufiti, agogo nalozedwa chala popanda mlandu. Chimene chimatsimikiza nthendayi ndi kuyeza magazi kuchipatala, ndipo mwana wotere malungo akamugwira sayenera kugonekedwa pakhomo.