MISA Malawi

MISA Malawi ndi bungwe lomwe si la boma, lomenyera ufulu wa atolankhani komanso ufulu wa anthu wolankhula ndi kupeza nkhani, pa intaneti pomwe. Ndi nthambi ya Media Institute of Southern Africa, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, ndipo kale nthambiyi inkadziwika kuti NAMISA.

Mu 2011 MISA Malawi inatsutsa kwambiri Gawo 46 la malamulo a milandu, lomwe Pulezidenti Bingu wa Mutharika anasainira kuti nduna izitha kuletsa nyuzipepala. Gawoli linachotsedwa mu 2012.

Nkhondo yaitali ya bungweli inali yomenyera lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma. Aphungu analivomereza mu Disembala 2016, koma linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Mwa lamuloli, wothyola tiyi ku Satemwa kapena ku Makwasa akhoza kufunsa khonsolo ya Thyolo mmene yagwiritsira ntchito ndalama za msewu kapena mjigo, ndipo ayankhidwe pasanathe masiku 15 a ntchito. Loyang'anira lamuloli ndi bungwe la Malawi Human Rights Commission.

Onaninso: MACRA, Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016.