Mbiri ya Madyerero a Oktoberfest ku Bavaria

Mlendo wofika mu mzinda wa Munich, m'dziko la Bavaria ku Germany, chakumapeto kwa mwezi wa September, amapeza chinamtindi cha anthu chilikulunjika ku bwalo lotchedwa Theresienwiese. Kumeneko kumamangidwa misasa ikuluikulu, momwe anthu amamweramo mowa m'zikho za lita imodzi, nadya nkhuku zootcha, oimba malipenga alikuimba. Koma ambiri a iwo sadziwa kuti madyerero amenewa sanayambe chifukwa cha mowa ayi.

Pa 12 October 1810, Ludwig, mwana wa mfumu ya Bavaria, anakwatira Therese, ndipo nzika za Munich zinaitanidwa ku ukwatiwo. Patapita masiku asanu panachitika mpikisano wa akavalo pa dambo la kunja kwa mzinda, limene linatchedwa dzina la mkwatibwiyo. Anthu anakondwera kwambiri, kotero kuti m'chaka cha 1811 anasonkhananso, nawonjezapo chionetsero cha zaulimi. Mu 1819 akuluakulu a mzinda anatenga udindo wokonza madyererowo chaka ndi chaka. Pambuyo pake anayamba kuwatsegula mu September, pakuti mu October kumeneko kumayamba kuzizira.

Zovuta sizinalephere kubwera. Mliri wa kolera unaletsa madyererowo mu 1854 ndi 1873. Nkhondo ziwiri zikuluzikulu zinawaletsanso, monganso mliri wa Covid-19 mu 2020 ndi 2021. Choopsa china chinagwa pa 26 September 1980, pamene bomba linaphulika pa chipata cha bwalolo nkupha anthu 13. Komabe tsoka likapita, anthu ankabwereranso ku bwalo lawo.

Ufumu wa Bavaria unatha mu 1918, koma mwambowo sunathe nawo, popeza unali utachoka kale m'manja mwa mafumu. Kuyambira 1950, pamene meya Thomas Wimmer anaboola mgolo woyamba, ndi meya wosankhidwa ndi anthu amene amatsegula madyererowo, ndipo mowa womwedwa m'misasa ikuluikuluyo umafululidwa mu Munich momwemo.

Tsono mlendo wokhala pa benchi pakati pa anthu osawadziwa, ayenera kukumbukira kuti chimene chinayamba pa ukwati wa mwana wa mfumu, anthu wamba ndiwo achisunga zaka zoposa 200.