Kulonjeza mwana wa Sitandade 8 malo ku koleji: mbiri ya kusaka osewera basketball ku America



Sabata yatha ndinalandira uthenga kuchokera kwa mmodzi wa ana anga akale amene tsopano akukhala ku America. Mwana wake wamwamuna ali ndi zaka 14, watalika kale kuposa bambo ake, ndipo amasewera basketball pasukulu. Kochi wa koleji ina yosatchuka kwenikweni anatumiza mawu kudzera mwa mphunzitsi wa timu ya mwanayo kuti akadzamaliza sekondale malo ake alipo kale, sukulu yaulere. Funso la bambo wakeyo linali lalifupi: "Aphunzitsi, tivomere?" Ine mpira umenewu ndimangoutsatira pawailesi yakanema ndi m'zowerenga, koma phunziro langa ndi mbiri yakale, ndiye ndinamuyankha monga ndimayankhira m'kalasi: tiyeni tiyambe taona kumene mchitidwewu unachokera.

Basketball inayamba mu December 1891 ku Springfield, m'chigawo cha Massachusetts, pamene mphunzitsi mnzathu James Naismith anapachika madengu awiri a mapichesi kuti anyamata ake akhale ndi chochita nyengo yozizira. Bungwe loyang'anira masewera a m'makoleji linayamba mu 1906, ndipo mu 1910 linatenga dzina loti NCAA. Mpikisano wake waukulu wa basketball unayamba mu 1939 ndi matimu 8 okha. Masiku amenewo kulipirira mnyamata sukulu chifukwa choti amatha mpira kunkaoneka ngati chinyengo, ngakhale ambiri ankachita mobisa. Mu 1948 NCAA inaika lamulo lotchedwa Sanity Code pofuna kuthetsa zimenezi, koma makoleji sanalitsate ndipo linafa mu 1951. Pofika 1956 bungweli linavomereza poyera sikolashipu ya zamasewera. Kuyambira pamenepo kochi anali ndi kanthu m'manja koti akalonjeze pakhomo pa makolo.

Vuto linali loti mnyamata mmodzi ankatha kulonjeza makoleji atatu, ndipo makochi ankalandana ana mpaka tsiku lotsegulira sukulu. Ndiye mu 1964 panabwera chikalata chotchedwa National Letter of Intent. Mwana akachisaina, makoleji ena ankayenera kumusiya. Mu 1982 anawonjezera nyengo yosainira msanga, mwezi wa November, mwana asanasewere ndi komwe chaka chake chomaliza cha sekondale. Cholinga chinali chabwino: mwana apumule, asamavutitsidwe ndi matelefoni chaka chonse. Koma taonani zotsatira zake. Ngati kusaina kuli mu November wa Fomu 4, kochi ayenera kukhala atamuona mwanayo ali Fomu 3. Ndipo amene akufuna kupitirira anzake ayamba ali Fomu 2. Ndikutchula mafomu chifukwa magiredi 12 a ku America amafanana ndi zaka zathu, 8 za pulayimale ndi 4 za sekondale.

Nthawi yomweyo kunakula misasa ya patchuthi. Howard Garfinkel anayambitsa msasa wa Five-Star mu 1966, ndipo mu 1984 Sonny Vaccaro anayambitsa wa ABCD ndi ndalama za kampani ya nsapato ya Nike. Makochi anazindikira kuti m'malo moyenda sukulu ndi sukulu, atha kukhala pabenchi limodzi mu July n'kuona ana mazanamazana. Mphunzitsi wa pasukulu, amene amadziwa khalidwe la mwana ndi malikisi ake, mawu ake anayamba kuchepa mphamvu. Amene anakwera mtengo ndi oyendetsa matimu a patchuthi.

Tsopano tifike pa makoleji apakatikati, amene eni ake amawatcha mid-major. M'gulu lapamwamba la Division I muli makoleji opitirira 350, koma olemera ndi otchuka, monga Duke, Kentucky ndi Kansas, ndi ochepa. Enawo ali m'maligi ang'onoang'ono, mabwalo awo ndi aang'ono, ndipo sawoneka kawirikawiri pawailesi yakanema. Komabe ali ndi khomo limodzi: katswiri wa ligi iliyonse amalowa mumpikisano waukulu wa mu March, umene unakula kufika matimu 64 mu 1985 ndi 68 mu 2011. Ndalama zake si zamasewera. Mu 2010 makampani a CBS ndi Turner anagwirizana zolipira madola 10.8 biliyoni pa zaka 14 kuti azionetsa mpikisanowu. Kwa kochi wa koleji yaing'ono, kupambana masewera awiri mu March kumasintha moyo wake wonse.

Koma apeza kuti osewera? Kwa zaka zambiri timu iliyonse inkaloledwa masikolashipu 13 okha, ndipo mwana amene aliyense akumudziwa sangakane Duke n'kupita ku koleji imene agogo ake sanaimvepo. Kochi wapakatikati anatsala ndi njira ziwiri: kufika msanga akuluakulu asanadzuke, kapena kuyang'ana kumene iwo sayang'ana. Ankabetcha pa mwana woonda amene mwina adzatalika, n'kumamuyendera, kudziwana ndi mayi ake, kuti tsiku limene akuluakulu adzabwere, mwanayo adzakumbukire amene anayamba kumukhulupirira.

Nthawi zina zinkatheka. Stephen Curry ankafuna kupita ku Virginia Tech kumene bambo ake Dell anasewera, koma kumeneko sanamupatse sikolashipu ya chaka choyamba poona kuchepa thupi kwake. Bob McKillop wa ku Davidson, koleji ya ophunzira osakwana 2,000 kufupi ndi Charlotte, ankamudziwa kuyambira ali mwana ndipo anamutenga. Pa masewera ake oyamba mu 2006 Curry anataya mpira ka 13, koma kochi sanamukhazike pabenchi. Masewera otsatira anagoletsa mapointi 32 posewera ndi Michigan. Mu 2008 Davidson inagonjetsa Gonzaga, Georgetown ndi Wisconsin, n'kugonja kwa Kansas 59-57 itatsala pang'ono kulowa m'gulu la matimu anayi omaliza. Damian Lillard wa ku Oakland anasankha Weber State, ku Utah, chifukwa ndi imene inayamba kumuonetsa chidwi. Ja Morant anapezeka mwangozi mu 2016: wothandizira kochi wa Murray State, James Kane, anapita kukaona mwana wina, njala itamupweteka anapita kukagula zotafuna, ndipo anamuona Morant akusewera m'kabwalo ka kuseri. Mu 2019 Morant anasankhidwa wachiwiri kulowa mu NBA.

Ophunzira anga mukudziwa kuti sindilola nkhani ya mbali imodzi. Akuluakulu nawonso anayamba kutsikira kwa ana aang'ono. Buku la John Feinstein la mu 1986, A Season on the Brink, linafotokoza mmene Bob Knight wa ku Indiana anapitira kukaonera Damon Bailey ali giredi 8. Mwanayo anakula dziko lonse likumuyang'ana. Anasewera bwino ku Indiana, koma mu NBA sanasewerepo masewera a ligi ngakhale amodzi. Mu 2007 Ryan Boatright, ali ndi zaka 14, analonjeza kupita ku USC kwa kochi Tim Floyd asanayambe n'komwe sekondale. Floyd anatula pansi udindo mu 2009, ndipo Boatright anakathera ku Connecticut kumene anatenga chikho mu 2014. Mu 2008 mnyamata wina wa giredi 8 wa ku California analonjezana ndi Billy Gillispie wa ku Kentucky. Chaka chotsatira Gillispie anachotsedwa ntchito, ndipo mwanayo sanavalepo yunifolomu ya Kentucky. Onani kuti pa nkhani ziwiri zomalizazi lonjezo silinafe chifukwa mwana walephera. Amene analonjeza ndiye anachoka.

Akuluakulu a masewera anayesa kutseka mipata. Mu 2007 analetsa makochi kutumizira ana mauthenga a pafoni. Mu 2008 bungwe la makochi linapempha mamembala ake kuti asamalonjeze mwana asanamalize giredi 10. Mu January 2009 NCAA inalamula kuti pa nkhani ya misasa, mwana wa giredi 7 aziwerengedwa kale ngati wosakidwa, kuti malamulo amuteteze. Mu 2012 anamasula mafoni ndi mauthenga kuyambira pa 15 June mwana akamaliza giredi 10. Koma lonjezo la pakamwa, lodzera mwa munthu wachitatu monga limene analandira mdzukulu wanga uja, silinamangepo aliyense.

Kusintha kwakukulu kwabwera posachedwa. Mu October 2018 panatsegulidwa kaundula wa osewera ofuna kusintha koleji. Mu 2021 analola wosewera kusamuka kamodzi popanda kukhala chaka osasewera, ndipo kuyambira pa 1 July chaka chomwecho osewera analoledwa kupeza ndalama ndi dzina lawo. Mu 2024 malire a kusamuka anachotsedwa, ndipo chikalata cha 1964 chija chinathetsedwa mu October. Mu June 2025 khoti linavomereza kuti makoleji azigawana ndalama ndi osewera, mpaka pafupifupi madola 20.5 miliyoni pachaka pa koleji imodzi. Zotsatira zake n'zoti kochi wapakatikati amalima, wina n'kudzakolola. Florida Atlantic inafika m'matimu anayi omaliza mu 2023, koma pofika 2024 kochi Dusty May anali ku Michigan ndipo akatswiri ake anamwazikana. Florida imene inatenga chikho mu 2025 inkadalira Walter Clayton Jr. wochokera ku Iona, Alijah Martin wa ku Florida Atlantic ndi Will Richard wa ku Belmont. Chaka chimenecho m'matimu 16 omaliza munalibe koleji yapakatikati ngakhale imodzi.

Ndiye ndinamuyankha chiyani mwana wanga uja? Ndinati athokoze kochiyo mwaulemu, chifukwa kuonedwa msanga si chinthu choipa, koma asatseke makomo ena. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Lonjezo lenileni ndi lolembedwa, ndipo likadzabwera afunse ngati ndi la chaka chimodzi kapena zinayi, popeza kuyambira 1973 mpaka 2012 masikolashipu onse anali a chaka chimodzichimodzi, ndipo ambiri akadali choncho. Afunsenso chimene chidzachitike kochi akachoka, kapena bondo likathyoka. Ndinamukumbutsa kuti NBA imasankha anyamata pafupifupi 60 okha pachaka padziko lonse, ndi kuti Lillard anabwerera kukamaliza digiri yake mu 2015, Curry mu 2022, ali kale mamiliyoneya.

Kwa ife aphunzitsi, mbiri imeneyi ikutikhudza ngakhale tili kutali. Tonse tinauzapo mwana wa Fomu 1 kuti "iwe ndiwe wa ku yunivesite", n'kumunyalanyaza mnzake wachete wa kumbuyo. Ena mwa inu amene mukuwerenga pano munali a kumbuyo amenewo, ndipo munandichititsa manyazi ndi zotsatira za MSCE. Mwana wa zaka 14 sanathe kukula, m'thupi ngakhale m'mutu. Tizimulimbikitsa, koma tisamulonjeze zimene sizili m'manja mwathu.

Mnyamata uja Loweruka lino ali ndi masewera, ndipo Lolemba ali ndi mayeso a masamu. Bambo ake ndawauza kuti andiuze zotsatira za zonse ziwiri.