Wakuba kapena mnzanga wa ntchito?

Tsiku lina Lamulungu masana ndinali m'chipinda cha lendi cha alamu anga, pafupi ndi mafakitale a ku Mobeni, kumwera kwa mzinda wa Durban. Alamuwo ndi telala. Amasoka mayunifolomu pa fakitale ina ya zovala pamodzi ndi Amalawi anzawo ochokera ku Mangochi ndi ku Machinga. Tsikulo makina anali zii, ndipo anyamata asanu anaunjikana pa foni imodzi kuonera filimu ya nkhondo ya ku China. Asilikali a m'filimumo anavala mikanjo yamakedzana, koma pakamwa pawo pankatuluka Chichewa cha ku Ndirande. Munthu mmodzi yekha ndiye ankalankhulira onse: mfumu, mkazi wake, ngakhalenso wantchito wobweretsa tiyi. Pakapita mphindi zingapo ankatchula dzina lake, n'kuopseza aliyense wofuna kukopera ntchito yakeyo.

Alamu anga anandiyang'ana uku akuseka. "Alamu, inu sukulu ya zomasulirayi munapita nayo patali. Tatiuzani, mkulu ameneyu ndi wakuba kapena ndi mnzanu wa ntchito?"

Ndinaseka nawo koma sindinayankhe. Ine ndisanamasulire buku la munthu wina ndimayamba ndalemba makalata opempha chilolezo, ndipo yankho limatenga miyezi, mwinanso osabwera n'komwe. Mkulu wa m'filimu uja sanapemphe kwa aliyense, koma anthu akwathu akumumva ndipo akusangalala. Ndinaganiza zofufuza kuti kwawo kwa eni filimuwo lamulo limati chiyani pa umwini wa luso. Ndinapeza kuti alipo akatswiri amene athera zaka zawo zonse pa funso lomweli, ndipo zimene anapeza zinandibweza ku doko la Durban, kenako kwathu ku ndende ya Mikuyu.

Woyamba amene ndinamuwerenga ndi William Alford, mphunzitsi wa zamalamulo pa yunivesite ya Harvard. M'buku lake la 1995 lotchedwa To Steal a Book Is an Elegant Offense anafunsa funso losavuta kumva: dziko la China ndi limene linayamba kupanga mapepala ndi kusindikiza mabuku, nanga linachedwa bwanji kukhala ndi lamulo loteteza olemba? Iye anapeza kuti malamulo okhudza kusindikiza analipo kalekale, koma cholinga chake chinali china. M'chaka cha 835 mfumu Wenzong inaletsa anthu wamba kusindikiza makalendala, chifukwa kuwerenga nyengo ndi nyenyezi inali ntchito ya mfumu. M'chaka cha 1009 mfumu Zhenzong inalamula kuti osindikiza azionetsa kaye mabuku awo kwa akuluakulu a boma. Malinga ndi Alford, malamulo amenewa ankalondera maganizo a anthu, osati thumba la wolemba.

Si onse anagwirizana naye. Zheng Chengsi, yemwe anabadwa mu 1944 n'kumwalira mu 2006, anali katswiri wa ku Chinese Academy of Social Sciences. Anakaphunzira ku London School of Economics kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ndipo anathandiza nawo kulemba lamulo la dziko lake la umwini wa luso. Iye ankatsutsa kuti m'nthawi ya mafumu a Song analipo kale osindikiza amene ankalembetsa mabuku awo ku boma kuti wina asawasindikizenso, ndipo kumeneko ndiye kuyamba kwa umwini. Mkangano wawo unandiphunzitsa chinthu chimodzi: pepala lomwelo limene linkateteza wosindikiza ndi limenenso linkapatsa boma mpata woona zimene akusindikiza. Ku England nkhani inayendanso chimodzimodzi. Mu 1557 ufumu unapatsa bungwe la Stationers' Company mphamvu yolamulira kusindikiza konse, ndipo bungwelo linkathandiza kutsekereza mabuku osakondweretsa ufumu. Lamulo loika wolemba patsogolo linadza mochedwa, mu 1710.

Chimene chinandikhudza kwambiri monga womasulira ndi chaka cha 1903. Chaka chimenecho dziko la America ndi la China anasainirana pangano la zamalonda. Amereka ankafuna kuti mabuku awo atetezedwe. Akuluakulu ambiri a ku China anakana, poona kuti dziko lawo linali pa ludzu la maphunziro atsopano ndipo njira yake inali kumasulira. Mapeto ake panganolo linateteza kwa zaka 10 mabuku okhawo olembedwera anthu a ku China, n'kusiya Atchaina ali omasuka kumasulira mabuku ena onse a ku America m'chilankhulo chawo.

Mmodzi mwa omasulira otchuka a nthawi imeneyo anali Yan Fu, amene anaika m'Chitchaina mabuku a Thomas Huxley ndi Adam Smith. Panalibe lamulo lomukakamiza kupempha chilolezo kwa eni mabukuwo. Komatu iye yemweyo ankadandaula kwambiri anthu ena akamasindikiza zomasulira zake mwakuba, ndipo mu 1903 anasainirana mgwirizano ndi kampani ya Commercial Press ya ku Shanghai kuti azilandira gawo lake pa buku lililonse logulitsidwa. Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira mkulu wa m'filimu uja, wotenga za ena popanda kupempha koma woopseza omukopera. Lamulo loyamba la umwini wa luso ku China linadza mu 1910, patangotsala chaka chimodzi kuti kuukira kogwetsa ufumu wa Qing kuyambe.

Boma la Chikomyunizimu limene linalowa mu 1949 linakhala zaka 40 lopanda lamulo lotere. Linalilemba litatsegula zitseko za malonda, makamaka pambuyo pa pangano la 1979 ndi America. Lamulolo linavomerezedwa mu September 1990, linayamba kugwira ntchito pa 1 June 1991, ndipo mu 1992 China inalowa m'pangano la mayiko la Berne loteteza olemba. Koma m'ndime yachinayi ya lamuloli munali mawu akuti ntchito iliyonse yoletsedwa kufalitsidwa siitetezedwa. Kunena kwina, buku lako likakanidwa ndi ounika a boma, aliyense akhoza kulikopera ndipo iwe ulibe kokadandaula. Dziko la America linakasuma ku bungwe la zamalonda la WTO mu 2007, chigamulo chinatuluka mu January 2009, ndipo mu 2010 China inachotsa mawuwo. Zimene Alford anaziona m'malamulo a mafumu akale zinali zitalembedwa poyera m'lamulo la masiku athu ano.

Wina angaganize kuti imeneyi ndi nkhani ya ku China kokha. Ayi ndithu. Kuchoka ku Mobeni kupita ku doko la Durban ndi mtunda waufupi, ndipo malole onyamula makontena amadutsa pa South Coast Road usana ndi usiku. Isabel Hofmeyr, katswiri wa pa yunivesite ya Witwatersrand, anafufuza mafaelo akale a akasitomu a m'madoko a dziko lino n'kulemba buku la Dockside Reading mu 2022. Anasonyeza kuti m'nthawi ya atsamunda, ogwira ntchito ya kasitomu ndiwo ankaunika mabuku olowa m'dziko. Buku linali katundu ngati wina aliyense. Munthu mmodzi yemweyo ankaona ngati bukulo lasindikizidwa mwakuba, n'kuonanso ngati lili ndi zolaula kapena zoukira boma. Mafunso awiriwo ankafunsidwa pa tebulo limodzi.

Mumzinda womwewu munali munthu amene anakana mafunso onse awiri. Mohandas Gandhi anathandiza kuyambitsa nyuzi ya Indian Opinion ku Durban mu 1903, ndipo chaka chotsatira anasamutsira makina osindikizira ku Phoenix, kumpoto kwa mzindawu. Mu 1909 analemba kabuku ka Hind Swaraj m'Chigujarati. Boma la atsamunda ku Bombay litakalanda mu 1910, iye anakamasulira yekha m'Chingerezi, n'kukasindikiza ku Phoenix ndi chidziwitso chakuti palibe umwini umene wasungidwa. Aliyense anali womasuka kukakopera. Gandhi anazindikira kuti buku lopanda mwini mmodzi ndi lovuta kulitsekera pachipata.

Kwathu ku Malawi chipata chathu chinamangidwa mu 1968, pamene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Censorship and Control of Entertainments. Bungwe la Censorship Board linaletsa mabuku mazanamazana, magazini ndi mafilimu. Buku la ndakatulo la Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, linasindikizidwa ku London mu 1981, ndipo mu 1985 linachotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu a ku Malawi. Mwini wake anamangidwa mu September 1987 ndipo anakhala ku Mikuyu osazengedwa mlandu mpaka May 1991. Tsono taonani zaka izi. Lamulo la Copyright Act loteteza olemba ndi oimba linakhazikitsidwa mu 1989, mlakatuli ameneyu ali m'chitokosi. Malawi inalowa m'pangano la Berne mu October 1991, miyezi isanu chitulukireni iye, ndipo bungwe la Cosoma linayamba ntchito mu 1992. Pa pepala, ndakatulo zake zinali chuma chake chotetezedwa ndi boma. Boma lomwelo ndi limene linasunga kiyi wa chipinda chimene anagonamo.

Lero chipata chija chasamukira pa intaneti. Dziko la China linalumikizidwa kwathunthu ku intaneti mu April 1994. Mu 2014 linakhazikitsa bungwe la Cyberspace Administration of China loyang'anira zonse za pa intaneti, ndipo mu November 2016 linavomereza lamulo la chitetezo cha pa intaneti lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 June 2017. Mmodzi mwa amene atsata nkhaniyi kwa nthawi yaitali ndi Rogier Creemers wa pa yunivesite ya Leiden ku Netherlands. Anayamba ndi kafukufuku wa udokotala ku Maastricht wokhudza kukopera mwakuba ku China, kenako anakagwira ntchito ku Oxford. Ulendo wake ukufanana ndi wa nkhani yathuyi: anayambira pa umwini wa luso, n'kuthera pa ulamuliro wa mawu. Koma chimene ine ndimamulemekezera si mapepala ake a kafukufuku. Kwa zaka zambiri iye wakhala akumasulira m'Chingerezi malamulo, zikalata ndi zolankhula za akuluakulu a boma la China, chimodzichimodzi, kuti amene akukangana za dzikolo ayambe awerenga kaye zimene linalembadi. Ndi ntchito yotopetsa, yopanda ulemerero, koma popanda iyo mkangano wonse ungakhale wa mphekesera.

Nkhaniyi ikutikhudza bwanji? Malawi inatsegula ubale ndi boma la Beijing mu December 2007, itasiya Taiwan. Nyumba ya Malamulo ya ku Lilongwe ndi bwalo la zamasewero la Bingu zinamangidwa ndi thandizo la China. Nthambo za intaneti zolumikiza maboma a dziko lathu zinayalidwa ndi kampani ya Huawei pa ngongole yochokera ku China komweko. Mu 2016, chaka chomwe China inavomereza lamulo lake lija, ifenso tinakhazikitsa malamulo awiri: Copyright Act yatsopano, ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act. Sindikunena kuti tinakopera kwa Atchaina. Lamulo lathu lili ndi mbiri yakeyake, ndipo chizolowezi chotseka anthu pakamwa sitinachite kuitanitsa kunja. Ndikungoona kuti mapasa aja abadwanso chaka chimodzi. Lamulo lina likuti nyimbo ya woimba isagawidwe mwakuba. Linzake lagwiritsidwa kale ntchito pomanga anthu chifukwa cha zimene analemba pa Facebook ndi pa WhatsApp.

Malamulo onse awiriwa analembedwa m'Chingerezi, monga mmene alili malamulo athu ena. Anyamata asanu aja a ku Mobeni amatumiza mauthenga kumudzi tsiku lililonse, amagawana nyimbo, amatukwana andale m'magulu awo a pa foni. Palibe mmodzi mwa iwo amene anawerengapo ndime imene ingamudikire pa chipata cha Mwanza kapena cha Dedza pobwerera kwawo. Filimu ya mafumu a ku China anaimva yonse m'Chichewa, mpaka nthabwala zake. Lamulo la dziko lawo lomwe, limene lingawatsekere m'chitokosi, silinawafike m'chilankhulo chimene amalota nacho.

Lamulungu lotsatira ndinapitanso kwa alamu anga. Ndinawapeza akusita malaya a m'mawa mwake. Ndinawauza kuti malinga ndi lamulo la Malawi, la South Africa ndi la China lomwe, mkulu uja akulakwa, chifukwa kumasulira ntchito ya wina kumafuna chilolezo cha mwini wake, ndipo opanga filimu nawonso amadya thukuta lawo. Ndinawauzanso za Yan Fu, ndi za dziko lalikulu limene linakana kumangidwa manja pa nthawi imene linali ndi njala ya mabuku, n'kudzavomera lamulo litakhuta.

"Ndiye kuti ndi wakuba," anatero alamuwo.

"Ndi wakuba, komanso ndi mnzanga wa ntchito," ndinayankha. "Ndipo pa ntchitoyo wandiposa, chifukwa iye anthu ake wawafikira."

Alamu anaika simbi pansi. "Nanga inu, alamu, lamulo la pa foni mukunenalo mudzatimasulira liti? Limenelo sindikukhulupirira kuti mufunika kulembera kalata aliyense."

Usiku womwewo ndinatsegula lamulo la 2016 lija pa kompyuta yanga n'kuyamba ndi ndime ya matanthauzo a mawu. Mpaka pano ndikulimbana ndi mawu amodzi a Chingerezi onena za uthenga wokhumudwitsa, amene ndimawapezera matanthauzo atatu m'Chichewa. Ndikudziwa kuti pa kusiyana kwa matanthauzo atatuwo, wina akhoza kugona kunyumba kwake kapena kupolisi.