Mmene galu analowera m'nyumba za okalamba

Ife amene tinakula tikudziwa galu ngati mlonda wogona pakhonde timadabwa tikamva kuti ku Ulaya ndi ku America kuli agalu amene ntchito yawo ndi kukazonda agogo. Komatu mwambowu sunayambe ndi agalu, ndiponso sunayambire kwa okalamba.

Unayambira kwa odwala misala. Mu 1796, nthawi imene odwala otere ankamangidwa maunyolo, William Tuke ndi anzake a mpingo wa Quaker anatsegula chipatala cha York Retreat ku England. Pabwalo pake anaikapo akalulu ndi nkhuku, kuti wodwala akhale ndi kanthu kamoyo kodalira iye. Namwino Florence Nightingale naye analembapo kuti kachiweto kakang'ono kamasangulutsa munthu wodwala nthawi yaitali. Kenako nkhaniyi inazilala, pakuti zipatala zinayamba kuopa majeremusi kuposa kusungulumwa.

Anadzaiutsa ndi galu wina dzina lake Jingles. Mbuye wake, Boris Levinson, katswiri wa maganizo a ana ku New York, anaona mwana amene sankayankhula ndi anthu akumasuka pamaso pa galuyo. Atawafotokozera akatswiri anzake mu 1961, ena anangomuseka. Koma m'zaka za m'ma 1970, Samuel ndi Elizabeth Corson a ku Ohio State University anapita ndi agalu kwa odwala maganizo, kenako kunyumba ya okalamba. Namwino Elaine Smith anayambitsa Therapy Dogs International mu 1976, ndipo ku Britain Lesley Scott-Ordish anakhazikitsa Pets As Therapy mu 1983. Galu wa ntchitoyi amayamba wayesedwa: ndodo ikagwa asadzidzimuke, dzanja lonjenjemera likamugwira molakwika asaluse.

Komabe galu wotereyu ndi mlendo chabe. Amafika, agogo amusisita kwa kanthawi, basi wapita, masiku otsalawo kuli zii.

Dokotala wachinyamata Bill Thomas anaziona zimenezi atayamba ntchito ku Chase Memorial Nursing Home, m'tauni ya New Berlin m'chigawo cha New York, mu 1991. Iye anati chimene chikupha okalambawo pang'onopang'ono ndi kusungulumwa, kunyong'onyeka ndi kudziona ngati opanda ntchito. Malamulo sankalola ziweto zambiri. Iye anapempha chilolezo n'kubweretsa agalu awiri, amphaka anayi ndi tizinkhwe 100. Mbalamezo zinafika zikwere zake zisanabwere, mpaka anazitsekera m'chipinda chokonzera tsitsi. Antchito anakokanakokana za woyenera kuwola ndowe za galu. Koma agogo ena amene anali atasiya kuyankhula anayamba kuzipatsa mayina mbalamezo, kuzidyetsa, n'kumauza anamwino mmene zadzukira. Ena anadzuka pabedi kukayendetsa galu. Ine ndimaona kuti Thomas sanatulukire chatsopano: anangobwerera kwa akalulu a Tuke. Maganizo akewa ndiwo anabala njira yosamalira okalamba yotchedwa Eden Alternative.

Ku Japan, kumene okalamba achuluka kwambiri, injiniya Takanori Shibata anapanga Paro, loboti yaubweya wofewa yooneka ngati kamwana ka nyama ya m'nyanja yotchedwa seal. Imaphethira, imalira ikasisitidwa, siluma, ndipo odwala matenda oiwalaiwala ambiri amadekha nayo. Covid-19 itatseka zitseko mu 2020, agalu ozonda anasiya kubwera, ndipo boma la chigawo cha New York linagawira okalamba okhala okha amphaka ndi agalu oyendera mabatire. Ziwetozi sizidwala, sizifa, ndipo palibe gogo amene amalawirira m'mawa poopa kuti zagona ndi njala.