ZITHUNZI ZA KALE ZA KU MANGOCHI NDI KUSOWA KWACE

Wophunzira uphunzitsi amene apatsidwa nchito yolemba mbiri ya kummwera kwa Nyanja ya Malawi amazindikira msanga kuti mau ngambiri koma zithunzi nzocepa. Kucepa kumeneku kuli ndi mbiri yace, ndipo mphunzitsi ayenera kuidziwa.

Pamene David Livingstone anafika ku nyanjayi m'caka ca 1859, Thomas Baines, katswiri wolemba zithunzi pa ulendo wa ku Zambezi, sanali naye. Anacotsedwa nchito caka comweco osaiona nyanja. John Kirk anali ndi kamera, koma kujambula masiku amenewo kunafuna mankhwala ndi katundu wolemera, zosayenera ulendo wa pansi. Cifukwa cace zithunzi zambiri za m'mabuku a nthawiyo zinakonzedwa ku Ulaya ndi anthu amene sanapondepo dziko lino.

M'caka ca 1875 a Mishoni ya Livingstonia analowa m'nyanja ndi sitima ya Ilala nakhazikika ku Cape Maclear; mu 1881 anasamukira ku Bandawe cifukwa ca malungo. Mu 1891 Harry Johnston anamanga linga la Fort Johnston kum'mawa kwa Shire, kupenyana ndi mudzi wa Mponda, ndipo patapita zaka zowerengeka boma linasamutsidwira tsidya la kumadzulo, pamene pali tauni ya Mangochi lero. Motero cithunzi colembedwa "Fort Johnston" cikhoza kusonyeza malo oyambawo kapena aciwiriwo, ndipo wosafunsa bwino anganamize ana.

Vuto lina ndi lakuti wogwira kamera ndiye anali kusankha cojambula. Zithunzi za sitima monga Guendolen ndi Chauncy Maples, za asilikali ndi za nyumba za boma zilipo, ndipo maina a Azungu analembedwa pansi pace mosamala. Koma msodzi wa cambo, mai woumba mbiya ndi mwalimu wa pa mzikiti kawirikawiri anajambulidwa popanda dzina, mudzi kapena caka. Mafumu a Ayao monga Makanjira ndi Jalasi amadziwika kwambiri m'mau a adani amene anamenyana nao. Pamwamba pa izi, moto umene unatentha maofesi a boma ku Zomba mu 1919 unaononga zolembedwa zambiri za zaka zoyambirira.

Zimene zinatsala zili balalabalala. Zina zili m'nkhokwe ya zolembedwa za boma ku Zomba, zina ku Society of Malawi m'nyumba ya Mandala ku Blantyre, zina m'nyumba ya zakale pa Mangochi pomwepo, ndipo zambiri zili ku Edinburgh, Oxford ndi London. Za pa intaneti zili ndi eni ace, ndipo cilolezo cifunika munthu asanazisindikize.

Tsono wophunzira asatenge cithunzi cifukwa ca kukongola kokha. Afunse mafunso anai: anajambula ndani, liti, kuti, ndipo anafuna kuonetsa ciani? Cikasowa coyenera, atenge pensulo nakalembe yekha nsanja ya koloko ya mu 1903, mfuti ya Guendolen, kapena manda a amishoni ku Cape Maclear. Akhalenso pansi ndi nkhalamba za kwa Mponda, alembe dzina la womuuza ndi tsiku lace. Akatero, wodza m'mbuyo mwace sadzasowa monga anasowera iye.