Kompyuta imene inkasala mayina achilendo

Chaka chilichonse anthu pafupifupi 2,000 ankafunsira malo pasukulu ya zaudokotala ya St George's ku London, ndipo kusanthula makalata awo inali ntchito yothyola msana. Mu 1979 mphunzitsi wina wapomwepo, Geoffrey Franglen, anakonza pulogalamu ya kompyuta yoti izisankha oyenera kuitanidwa kukafunsidwa mafunso. Anaiumba kuti izitsanzira mmene aphunzitsi anzake ankasankhira zaka zam'mbuyo, ndipo inawatengeradi pafupifupi ndendende. Pofika mu 1982 makalata onse ankayamba adutsa m'makinamo.

Mu 1986 madokotala awiri apasukulupo, Aggrey Burke ndi Joe Collier, anatulukira chimene chinkachitika. Pulogalamuyo inkayang'ana dzina la munthu ndi kumene anabadwira. Dzina likamveka losakhala la ku Ulaya inkadula malikisi, ndipo akazi nawonso inkawadulako pang'ono. Bungwe limene linkaona za kusankhana mitundu m'dzikolo, Commission for Racial Equality, linagamula mu 1988 kuti sukuluyo inalakwa: anthu okwana mpaka 60 pachaka ankamanidwa mwayi motere. Chochititsa manyazi n'chakuti kompyutayo siinapeke kanthu. Tsankho limene aphunzitsi ankachita mwakachetechete inangolilemba poyera, pomwe aliyense akanatha kuliwerenga.

Padadutsa zaka zambiri nkhani zotere zisanasanduke phunziro lapalokha. Mu 2016 atolankhani a ProPublica anafufuza COMPAS, pulogalamu yolosera ngati womangidwa adzapalamulenso, pogwiritsa ntchito mbiri za anthu oposa 7,000 a ku Broward County ku Florida. Mwa anthu amene sanapalamulenso, akuda 45 pa 100 alionse anali atatchedwa oopsa, pomwe azungu anali 23 okha. Kampani yopanga COMPAS, Northpointe, inati muyeso wake ndi wachilungamo. Akatswiri a masamu, mmodzi mwa iwo Alexandra Chouldechova, anaonetsa kuti mbali ziwirizi zinkayeza zinthu zosiyana, ndipo nthawi zambiri miyeso yonseyo singakwaniritsidwe pakamodzi.

Apa mpamene mayunivesite ndi makampani anayamba kulemba ofufuza nkhani zoterezi ongomaliza kumene PhD, pa ntchito ya zaka zochepa yotchedwa postdoc. Timnit Gebru, wobadwira ku Addis Ababa, anali pa ntchito yotereyi ku Microsoft pamene iye ndi Joy Buolamwini wa ku yunivesite ya MIT anatulutsa kafukufuku wa Gender Shades mu 2018. Anasonkhanitsa zithunzi 1,270 za aphungu a ku Rwanda, Senegal, South Africa, Iceland, Finland ndi Sweden, n'kuuza mapulogalamu a IBM, Microsoft ndi Face++ kuti anene mwamuna ndi uti, mkazi ndi uti. Pa amuna oyera khungu, kulakwitsa sikunapitirire 0.8 peresenti. Pa akazi akuda kwambiri kunafika 34.7.

Imodzi mwa makampani oyesedwawo inali Microsoft, kumene Gebru yemweyo ankagwira ntchito. Mu June 2020, IBM inalengeza kuti yasiya kugulitsa mapulogalamu ozindikira nkhope.